Apongozi akuti m'nyumba mwanga mulibe mwambo: kodi ulemu wakale udakali ndi malo?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Matawale, mu mzinda wa Zomba:

"Ndine mayi wa ana awiri, ndinakulira m'tauni ndipo ndimagwira ntchito mu ofesi. Amuna anga kwawo ndi kufupi ndi Jali, kwa mfumu yaikulu Mwambo. Mwezi watha apongozi anga aakazi anakhala nafe masabata awiri pamene ankalandira chithandizo ku chipatala. Ndinawasiyira chipinda cha ana, ndinawagulira mankhwala ndi nsalu, ndipo tsiku lobwerera ndinawalipirira galimoto yowatenga pakhomo. Koma atafika kumudzi auza achibale kuti m'nyumba mwanga mulibe mwambo. Akuti ndimawapatsa moni chiimire, ndimavala thalauza pamaso pawo, ana amalandira zinthu ndi dzanja limodzi ndipo amadya maso ali pa foni, komanso akuti palibe amene anawaperekeza. Amuna anga akungoti ndizisiye, amayi awo ndi nkhalamba. Kodi zinthu zakalezi zidakali zofunika? Kodi kugwada si kupondereza amayi? Ndiyambire pati?"

Yankho:

Mayi, choyamba mtima ukhale m'malo. Pa zaka zimene ndakhala ndikulangiza mabanja kuno ku Zomba, komanso kukhala pa mphasa ngati nkhoswe, dandaulo la mtundu uwu limabwera kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri limatha bwino eni ake akalifulumirira lisanakule. Munthu wopanda khalidwe sasiyira apongozi chipinda, sawagulira mankhwala, ndipo sasowa tulo akamva kuti wamkulu wachoka pakhomo pake ali wokhumudwa. Inu munasonyeza chikondi m'njira imene mumaidziwa, mayi aja ankachiyembekezera m'njira imene anakulira nayo, ndiye munaphonyana.

Taonani bwino zimene adandaula. Sanatchule za kuchepa kwa chakudya, sanatchule ndalama, sanatchule mawu achipongwe. Zonse zimene anena n'zosalira kwacha: kukhala pansi popereka moni, kutambasula manja awiri, kuika foni pambali, kuyenda nawo mpaka pamsewu. Zimenezi zimadya nthawi basi, ndipo nthawi ndiyo imene munthu wa pa ntchito m'tauni amaisowa kwambiri. Kwa inu kulipira galimoto kunali kuwachitira zazikulu, popeza mukudziwa mmene ndalamayo munaivutikira. Koma kwa munthu amene moyo wake wonse waona ulemu ukuyezedwa ndi mphindi zimene wina wasiya ntchito yake chifukwa cha mnzake, galimotoyo ikhoza kuoneka ngati njira yomuchotsera pakhomo msanga. Ine ndikuona kuti gwero la nkhani yanu lili pamenepa, ndipo za thalauza ndi kugwada zangobwera pambuyo mtima utawawa kale.

Kuti mumvetse chimene mayi aja anachisowa, kumbukirani mmene mlendo amalandiridwira kumudzi kwa amuna anu. Akangoonekera patali, mwana amathamanga kukamuchingamira ndi kumulandira katundu, ngakhale katunduyo akhale kajumbo kopepuka. Akafika pabwalo amati "odi", eni khomo n'kuyankha kuti "odini" kapena "fikani", koma moni saperekeratu pomwepo. Amayamba ayala mphasa kapena kutulutsa mpando, mlendo n'kukhala, n'kupuma kaye, mwina n'kumwa madzi kapena thobwa. Kenako a pakhomo amabwera mmodzimmodzi kuyambira wamkulu, aliyense n'kukhala pansi kapena kugwada chapatali pang'ono, n'kufunsa kuti "muli bwanji, nanga kunyumba mwasiyako bwanji", ndipo mlendo amayankha aliyense payekha ngakhale yankho likhale lomwelo. Zikatha izi m'pamene amafotokoza chimene wadzera, ndipo nthawi imeneyo nkhuku imakhala itayamba kale kuthamangitsidwa kuseri kwa nyumba. Munthu wa changu angati n'kutaya nthawi kufunsa funso limodzi kambirimbiri, koma mwambowu uli ndi ntchito yake: umapatsa mlendo mpata wopuma, umamudziwitsa anthu onse a pakhomo ndi malo awo, ndipo umamutsimikizira kuti kubwera kwake kwaimitsa zochita za pabanjapo. Tsopano taganizirani mayi amene anazolowera zimenezi akulandira "mwadzuka bwanji amayi" kuchokera kwa munthu amene waima pakhomo, chikwama chili paphewa, makiyi ali m'manja.

Simunalakwe pokulira m'tauni, ndipo kusiyana kumeneku sikunayambe ndi mafoni monga ena amanenera. Zomba wakhala ndi maulemu a mitundu iwiri kwa nthawi yaitali. Mzindawu unali likulu la dziko kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, Nyumba ya Malamulo inakhalabe kuno mpaka 1994, asilikali ali ku Cobbe Barracks, ndipo chisamukire Chancellor College ku Chirunga mu 1973, achinyamata ochokera m'zigawo zonse akhala akudzaza misewu yathu. M'maofesi, m'masukulu ndi ku usilikali, ulemu ndi kuimirira wamkulu akalowa, kumuyang'ana m'maso ndi kuyankha mwachidule. Kumudzi, kaya ndi kwa Amang'anja, Ayao kapena Alomwe, ulemu ndi kutsika pansi, kuyang'ana kumbali pang'ono ndi kulankhula mosathamanga. Choncho mwana amene aphunzitsi amuphunzitsa kuimirira popereka moni akachita zomwezo kwa agogo ake amaoneka wamwano, chonsecho akuchita zimene anauzidwa kuti n'zabwino. Onjezeranipo kuti kale ana ankaphunzira zinthu izi kwa agogo, kwa azakhali ndi kwa anamkungwi ku chinamwali, pamene ana a m'tauni, ku Matawale kapena kudera lotchedwa Chinamwali, lero amaswera kusukulu, n'kubwerera kwa wantchito ndi kanema, makolo n'kufika dzuwa litalowa. Palibe amene anakhala pansi n'kuganiza zothetsa mwambo, kungoti aphunzitsi ake anatsala kumudzi.

Mwa zonse zimene apongozi anu atchula, chimene chandilemera kwambiri ndi kusaperekezedwa. Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo chimene munthu amakafotokoza kwawo kawirikawiri ndi mmene anatsanzikirana ndi eni khomo. Kuperekeza kulinso ndi phindu limene ambiri saliona. Panjira, anthu atatsala awiri, m'pamene wamkulu amanena zimene sakanatha kunena pamaso pa ana kapena pamaso pa mwana wake wamwamuna. Mukanayenda nawo mpaka pa siteji, mwina mawu amene akauza achibale akanakuuzani inuyo motsitsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwambo umenewu ndi wosavuta kuusunga ngakhale m'tauni. Mlendo wamkulu akamabwerera, mmodzi wa inu apemphe nthawi pang'ono kuntchito, amunyamulire katundu, aonetsetse kuti wakhala bwino mu minibasi, amupatse kamba wa panjira, ndipo madzulo ake muimbe foni kufunsa ngati wafika bwino.

Tsopano za kugwada, zimene mwafunsa mosabisa, nanenso ndiyankha mosabisa. Kugwada pakokha si kupondereza amayi, chifukwa pa mwambo wathu mwamunanso amatsika. Akafika pa akuluakulu amavula chipewa, amanyonyomala kapena kukhala pansi, amaomba m'manja mofatsa n'kunena kuti "wawa" kapena "zikomo", ndipo m'madera a chikamwini mkamwini ndiye ankasenza ulemu wolemera kwambiri, mpaka kupatuka panjira akaona apongozi ake aakazi akubwera. Chimene chili pansi pa zonsezi ndi chakuti wamng'ono asamalankhule ali pamwamba pa wamkulu amene wakhala pansi. Mukagwira mfundo imeneyo, mupeza njira zambiri zoisungira. Ngati apongozi akhala pa sofa, khalani pa mpando pafupi nawo kenako perekani moni. Ngati akhala pa mphasa pakhonde, khalani nawo pamphasapo. Powapatsa madzi osamba m'manja kapena mbale ya chakudya, ine malangizo anga ndi akuti gwadani kapena pindani bondo, pakuti simutaya kanthu, ndipo kwa iwo chimenecho chimanena zambiri kuposa nsalu imene munawagulira.

Komabe funso lanu lili ndi maziko, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Ndaonapo kugwada kukusanduka chida. Mwamuna amene amafuna kuti mkazi wake amugwadire pamaso pa anzake kuti iwo aone kuti iye ndi bambo, wachibale amene amaumiriza mayi wodwala pakati kapena wa mawondo opweteka kuti akwawe pansi, mkulu wa pa ntchito amene amasangalala wogwira ntchito wamkazi akamugwadira pomupatsa mapepala, onsewa sakufuna ulemu koma kuchepetsa munthu. Ku ofesi kwanu musagwadire munthu, kumeneko ulemu ndi mawu abwino, kusunga nthawi ndi kugwira ntchito molongosoka. Tiyeneranso kunena zoona za kale limene akuluakulu amalilakalaka. Amene anakula pa nthawi ya chipani chimodzi akukumbukira ngodya zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo akukumbukiranso kuti munthu ankatha kulowa m'mavuto chifukwa chongofunsa funso. Bata lina limene anthu amalitcha ulemu wa kale linali mantha. Njira yanga yosiyanitsira ndi yosavuta: chimene mukuchita mwa kufuna kwanu kuti wina amve kuti mwamuwerengera ndi ulemu, koma chimene mukuchita chifukwa mukapanda kutero mumenyedwa, munyozedwa kapena muchotsedwa ntchito sichiyeneranso dzina limenelo.

Za thalauza zili ndi mbiri yakeyake imene ingakuthandizeni kuwamvetsa mayi aja. Mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo la kavalidwe limene linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osafika pa mawondo, ndipo lamuloli linathetsedwa pambuyo pa riferendamu ya 1993. Apongozi anu anadutsa utsikana ndi umayi wawo pa nthawi imene mkazi wovala thalauza ankapalamula mlandu, choncho maso awo sanazolowere. Maganizo amenewo sanathe msanga, ndipo mukukumbukira kuti mu Januwale 2012 amayi ena anavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa cha zovala zawo, zimene zinali nkhanza zenizeni ndipo anthu ambiri anazidzudzula. Ufulu wovala zimene mukufuna ndi wanu, ndipo palibe amene angakulandeni m'dzina la mwambo. Koma amayi anzeru ambiri amene ndimawadziwa, aphunzitsi, anamwino ndi ena a maudindo akuluakulu, amayenda ndi chitenje m'chikwama. Akafika kumudzi, pa maliro, kapena akamakhala pansi kucheza ndi apongozi, amachimanga pamwamba pa zimene avala, ndipo palibe chimene chimachepa pa iwo. M'nyumba mwanu mukhoza kuchita chimodzimodzi pa masiku ochepa amene alipo, n'kuwafotokozera mofatsa kuti kuntchito mumavala motere.

Kwa ana ndiye pali ntchito yeniyeni, ndipo apa ndili mbali ya agogo awo. Kulandira ndi manja awiri, kapena ndi dzanja lamanja lamanzere litagwira pa mkono, kunena "inu" kwa wamkulu aliyense, kusatchula akuluakulu maina koma kuti agogo, azakhali, amalume, achimwene, achemwali, kuyankha "wawa" kapena "ee" akaitanidwa osati "chiyani", kuwerama pang'ono n'kunena "zikomo" podutsa pamene anthu akhala, zonsezi mwana wa zaka zinayi amazitha. Zidzamuthandizanso kutsogolo, chifukwa adzafunsira ntchito, malo kapena mbeta kwa anthu amene amaziona zinthu zimenezi ngakhale sazitchula. Musawaphunzitse ndi ndodo kapena kuwachititsa manyazi pamaso pa alendo, chifukwa mwana wophunzira motero amalemekeza pokhapokha wina akumuona. Ana amatengera zimene akuona. Ngati inu mumati "iwe" kwa wantchito wamkulu kuposa inu, kapena mumaponyera ndalama wa kabaza osamuyang'ana, mawu anu onse a za ulemu apita pachabe. Pali chinanso chimene simunachitchule koma ndimachipeza m'nyumba zambiri: ana amene amalankhula Chingerezi chokhachokha. Ngati anu ali otero, dziwani kuti agogo anakhala masabata awiri pakati pa zidzukulu zimene sakanatha kucheza nazo, ndipo zimenezo zimapweteka kuposa dzanja limodzi. Chichewa chizilankhulidwa pakhomo, ndipo ngati kuchimuna amalankhula Chiyao kapena Chilomwe, ana adziweko moni wake.

Pophunzitsa ana ulemu musaiwale chenjezo ili, limene makolo akale sankalinena mokwanira. Mwana amene waphunzitsidwa kuti wamkulu sakanidwa pa chilichonse amakhala pa chiopsezo, popeza ambiri amene amachitira ana nkhanza ndi anthu odziwika pakhomo, amene mwanayo anauzidwa kuti aziwamvera. Auzeni momveka kuti kulemekeza wamkulu sikutanthauza kumutsatira kuchipinda, kulola kugwiridwa thupi kapena kusunga chinsinsi chimene chikuwasowetsa mtendere, ndipo kuti akakana zotere n'kubwera kudzakuuzani simudzawakalipira.

Za foni pa chakudya sizifuna mawu ambiri. Nsima ikafika mafoni onse, kuyambira ya bambo, aikidwe kutali. Koma foni yabweretsa mafunso ena a ulemu amene makolo athu sanatisiyire mayankho ake, ndipo tiyenera kuwayankha ndi nzeru zomwe zija. Poimbira wamkulu, yambani ndi moni ndi kufunsa za moyo musanalowe mu nkhani, ngakhale mayunitsi akutha. Musaflashe apongozi kuti akuimbireni. Nkhani yolemera, monga matenda aakulu, ukwati kapena kupepesa, isatumizidwe pa uthenga wa WhatsApp ngati n'kotheka kupita kapena kutuma munthu. Choipa kwambiri chimene ndikuchiona masiku ano ndi kulengeza maliro pa Facebook achibale enieni asanamve, mpaka mayi kudziwa za imfa ya mwana wake kuchokera kwa anthu apadera. Kale uthenga wa maliro unali ndi njira yake, unkayamba kwa eni mbumba ndi kwa mfumu, ndipo wonyamula uthengawo ankadziwa kukhazika munthu pansi asanamuuze. Dongosolo limenelo likufunika kwambiri lero kuposa kale, chifukwa uthenga ukuthamanga kuposa anthu.

Popeza ndatchula maliro, dziwani kuti pamenepo m'pamene akuchimuna adzakuyang'anitsitsani kuposa pena paliponse. Kutumiza chipepeso pa foni n'kwabwino, koma sikulowa m'malo mwa kufika, kumanga chitenje ndi mpango, kukhala pansi ndi amayi anzanu, kugona pa siwa ngati n'kotheka, ndi kugwira nawo ntchito ya kumoto. Mtengwa amene amafika ndi galimoto pa nthawi ya mwambo wa mapemphero n'kukhala pa mpando wa alendo amakumbukiridwa kwa zaka. Ngakhale maliro a anthu osawadziwa ali ndi ulemu wake. Mukaona masamba ataikidwa pamsewu, woyendetsa galimoto amachepetsa liwiro ndi kutsitsa wailesi, wa njinga amatsika n'kuikankha, wovala chipewa amavula. Ndimakondwa kuona kuti anyamata ambiri a kabaza akuchitabe zimenezi, ngakhale ena a njinga zamoto ayamba kudutsa ngati palibe chachitika.

Sikuti zonse zakale ziyenera kubwerera. Kusamba m'manja m'beseni limodzi, wamkulu kuyamba ndipo mwana kumalizira m'madzi akuda, kunali ulemu wofalitsa matenda, ndipo aliyense amene anaona kolera ya 2022 ndi 2023 sangakulakalakenso. Tinapeza njira yabwino yothirirana madzi ndi jagi, ndipo ulemu sunatayike popeza wamng'ono ndiye amathirira wamkulu. Mu 2020, Covid-19 itatiletsa kugwirana chanza, anthu ambiri anabwerera ku kuomba m'manja ndi kugwira pamtima, moni amene agogo athu ankamudziwa kale. Kumana ana mazira, kapena kuwadikiritsa kuti adye zotsala akuluakulu akakhuta, n'zinthu zimene zinayenera kutha ndipo tisazilire. Nawonso mwambo wothawana pakati pa mkamwini ndi apongozi wafewa m'mabanja ambiri, ndipo m'nyumba ya m'tauni ya zipinda zitatu, bafa limodzi, sungatheke n'komwe.

Ndibwere kwa amuna anu, pakuti yankho lawo lakuti muzisiye ndi limene landidetsa nkhawa kuposa madandaulo a mayi awo. Iwo ndi okhawo m'nyumbamo amene amadziwa mbali zonse ziwiri. Anayenera kukuuzani amayi awo asanafike zimene amaziyembekezera, anayenera kukonzekeretsa ana, ndipo kuperekeza kuja inali ntchito yawo poyamba, popeza amene ankabwerera ndi mayi wowabereka. Mwa chizolowezi chathu mlandu wa pakhomo umagwera mkazi, koma apa ngongole ndi ya nonse awiri. Mawu akuti "ndi nkhalamba" ndi opanda ulemu kwa mayi awo, ndiponso amakusiyani inu nokha pa moto, chifukwa iwo kumudzi adzakhalabe mwana wa pakhomo pamene inu dzina lanu likuipa. Akhazikeni pansi pa nthawi yabwino, ana atagona, muwauze kuti simukufuna kuti asankhe pakati pa inu ndi mayi awo, koma mukufuna kuti akutsogolereni kumudzi.

Ulendowo usachedwe, ndipo nkhaniyi musaikambe pa foni. Pitani nonse ndi ana Loweruka lina, mutanyamula zimene mtengwa amanyamula, monga shuga, mchere, sopo ndi mafuta ophikira. Mukafika khalani pansi, landirani moni wonse mosathamanga, funsani za thupi lawo ndi mmene mankhwala akuwayanjira, gwirani nawo ntchito ya pakhomo. Pambuyo pa chakudya, amuna anu ndiwo ayambe nkhani, kenako inu munene mawu ochepa onga awa: "Amayi, tamva kuti kwathu kuja simunakhale bwino. Ine ndinakulira m'tauni ndipo zina sindizidziwa. Pamene tinalakwitsa mutikhululukire, ndipo mutiphunzitse, ine ndi zidzukulu zanuzi." Musawerengere zimene munawagulira, musafunse amene anakuuzani nkhaniyo, ndipo musadziteteze mfundo ndi mfundo ngati muli pa bwalo la milandu. Ndaona kambiri kuti wamkulu akapemphedwa kuti aphunzitse, mkwiyo umasanduka udindo, ndipo yemwe uja ankakunenani amayamba kukuikirani kumbuyo kwa achibale. Pa tchuthi muziwasiyirako ana masiku angapo, adzabwera atadziwa zambiri zimene inu simungathe kuwaphunzitsa.

Mwina mumtima mukuti nawonso analakwa, ndipo n'zoona. Mwambo womwewo umene akuutchula umati wamkulu akaona cholakwika kwa mtengwa amamuitanira pambali n'kumulangiza, sakamuyalutsa kwa achibale, ndipo munthu amene wasamalidwa pa matenda amathokoza. Ulemu wa akulu kwa ana ulipo, ndipo akuluakulu ena amauiwala. Koma zimenezo si za ulendo woyamba, ndipo si inu woyenera kuzinena. Ubale ukakhazikika, amuna anu kapena azakhali awo angawapemphe kuti mtsogolo muno akaona kanthu azikuuzani inuyo mwachindunji.

Ngati mutachita zonsezi koma kunenedwa kukupitirira, achibale ayamba kulowerera m'banja mwanu, kapena amuna anu akukana kupita nanu, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, chifukwa ntchito yawo ndi imeneyi ndipo si bwino kudikira mpaka banja litagwedezeka. Alangizi a ku mpingo kapena ku mzikiti angathandizenso, makamaka amene apongozi anu amawalemekeza. Koma ngati mawu akuti mwambo ayamba kugwiritsidwa ntchito pokumenyani, kukulandani malipiro anu, kukuletsani ntchito, kapena kukukakamizani inu kapena ana anu miyambo yoika moyo pa chiswe, imeneyo sinkhani ya ulemu ndipo isathere pa mphasa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 ndi lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013, limene limaletsa miyambo yovulaza, ndipo mukhoza kupita ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, ya Victim Support Unit, kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa bwanamkubwa.

Chinthu china chimene mabanja amachiphonya n'chakuti mayi aja anali odwala pa nthawi imene anali kwanu. Munthu wodwala, amene ali kutali ndi khomo lake ndipo akuswera yekha m'nyumba eni ake ali kuntchito, amamva kuwawa pa zinthu zimene akanaziseka ali bwino. Ndipo ngati achibale akuona kuti khalidwe lawo lasintha posachedwapa, akuiwalaiwala, akukayikira anthu kuti akuwabera, kapena akukwiya pa zinthu zimene kale sankazilabadira, musathamangire kunena kuti ndi nkhanza kapena ufiti. Ukalamba, matenda ena ngakhalenso mankhwala amene munthu akumwa zimatha kusintha maganizo, choncho amuna anu apite nawo kwa dokotala ndipo akafotokoze zizindikirozo momveka bwino.